Ndinasaina kuti sindidzagwira ntchito kwa opikisana nawo: kodi pepalalo landimanga manja?

Funso

Zikomo aphungu. Ndine Mmalawi wa ku Dedza, ndili ku Joni kuno. Kwa zaka 6 ndakhala ndikugwira ntchito pamalo ena odyera a franchise ku Kempton Park, ogulitsa nkhuku ndi tchipisi. Ndinayamba ndi kutsuka mapoto, kenako kukazinga, mpaka chaka chatha anandikweza kukhala woyang'anira shifiti pa malipiro a R9,500 pamwezi. Masiku 18 apitawo abwana anandichotsa ntchito, ati katundu akusowa m'sitolo, osandimva n'komwe mbali yanga. Malo ena odyera a dzina lina, omwe ali pa mtunda wa makilomita 4, akufuna kundilemba ntchito. Koma dzulo ndalandira kalata ya loya wa abwana akale. Akuti m'kontirakiti ndinasaina kuti kwa miyezi 24 sindidzagwira ntchito pamalo alionse ogulitsa nkhuku omwe ali mkati mwa makilomita 20 kuchokera pa nthambi iliyonse ya dzina lawolo. Akutinso ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito kuno ku South Africa, ndisapondeko, chifukwa ndinavomera kuti mkangano uliwonse udzaweruzidwa ndi arbitrator wapadera wosankhidwa ndi kampani, ndipo ndalama zomulipira tidzagawana pakati. Mapepala anga okhalira kuno ali bwinobwino. Kodi n'zoona kuti ndamangidwa manja ndi miyendo?

Yankho

Achimwene, ndiyambe ndi chinthu chimene kalata ya loyayo sinakuuzeni. Kwathu timati mlandu suwola, koma ku CCMA mlandu wa kuchotsedwa ntchito umawola pakatha masiku 30, ndipo amawerenga masiku a pakalendala, Loweruka ndi Lamulungu omwe. Inu mwadya kale 18. Pamene mukuwerenga yankho lino mwina atsala osakwana 10. Munthu akachedwa amayenera kupempha kaye kuti amukhululukire, zomwe kuno amati condonation, n'kufotokoza chomwe chinamuchedwetsa, ndipo komishonala, amene amamva milandu ku CCMA, atha kukana. Ndaonapo anthu a milandu yomveka bwino akuluza chifukwa anatha mwezi wathunthu akuyenda ndi kalata yoopseza m'thumba, kufunsa uyu ndi uyo kutchalitchi ndi pagulu la WhatsApp la anthu akumudzi. Ndiye mawa m'mawa dzazani fomu ya LRA 7.11, mupereke kope kwa abwana, musunge umboni woti alandira, ndipo mukaisiye ku CCMA kapena muitumize pa intaneti. Salipiritsa ngakhale senti. Zinazi tizikambirana mlandu uli kale m'kaundula.

Podzaza fomuyo musalembe dzina lomwe lili pachikwangwani panja kapena pa yunifomu yanu. Apa m'pamene antchito ambiri a m'ma franchise amapunthwa. Pa franchise pamakhala eni awiri. Pali mwini dzina, amene ali ndi chizindikiro, maphikidwe ndi dongosolo lonse la bizinesi. Ndiye pali wobwereka dzina, munthu kapena kampani yaing'ono yomwe imalipira kuti igwiritse ntchito dzinalo pamalo amodzi kapena angapo. Abwana anu mwalamulo ndi wobwereka dzinayu. Yang'anani pa payslip, pa kontirakiti kapena pa mapepala a UIF (thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera), mupezapo dzina lina lachilendo lothera ndi Pty Ltd kapena CC, mwina lomwe simunalimvepo likutchulidwa kukhitchini. Lembani limenelo. Mukalemba mwini dzina, loya wake adzangoimirira n'kunena kuti munthuyu sitikumudziwa, ndipo tsiku lapita. Gawo 200B la Labour Relations Act, lamulo la ubale wa antchito ndi owalemba ntchito, limalola kukokera m'mlandu makampani ogwirizana ngati kapangidwe kawo kakuzembetsa malamulo a ntchito, koma imeneyo ndi nkhondo yovuta ndipo inu simukuisowa.

Mwinanso ku CCMA adzakuuzani kuti malo anu ali pansi pa bargaining council (bungwe la olemba ntchito ndi mabungwe a antchito lomwe limamvanso milandu yotere) ya malo odyera, monga Bargaining Council for the Restaurant, Catering and Allied Trades yomwe imagwira ntchito m'dera la Johannesburg. Zimenezo zisakuopseni. Lamulo limati CCMA ikatumiza mlandu kwina, tsiku lomwe inaulandira ndi lomwe limawerengedwa.

Tsopano nkhani ya arbitrator wapadera. Malamulo a South Africa amalola anthu awiri kugwirizana kuti akakangana asapite kukhoti kapena ku CCMA, m'malo mwake aweruzidwe ndi munthu amene amusankha. Lamulo lake ndi Arbitration Act ya 1965, ndipo makhoti amalemekeza mapangano otere. Kwa mkulu wa kampani wolandira mamiliyoni ndi njira yabwino ndithu, yachangu komanso yachinsinsi. Koma nyumba ya malamulo inaona momwe olemba ntchito ena ankagwiritsira ntchito njirayi ngati mpanda wotchingira anthu a malipiro ochepa. Arbitrator wapadera amalipiritsa ndalama zambiri patsiku, mwina kuposa malipiro anu a mwezi wonse, ndiye ndani wokazinga tchipisi angasumire abwana ake akauzidwa kuti alipira theka? Pa chifukwa chimenechi anawonjezera ndime 6A m'gawo 147 la Labour Relations Act, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2015. Ndimeyi imati CCMA iyenera kusankha komishonala wake kuti amve mlanduwo pa zifukwa ziwiri: ngati wantchito amalandira ndalama zosafika pa mlingo womwe nduna ya zantchito imaika ndipo akuuzidwa kuti alipire mbali ina iliyonse ya ndalama za arbitration yapaderayo, kapena ngati woweruzayo sali woima payekha, ali m'manja mwa abwana.

Mlingowo mu Epulo 2025 anauika pa R261,748.45 pachaka, kutanthauza pafupifupi R21,800 pamwezi, ndipo amaukweza nthawi ndi nthawi. Inu ndi R9,500 yanu muli pansi kwambiri. Kalata ya loyayo yanena yokha kuti mugawana ndalama pakati, ndiye chifukwa choyamba chakwanira kale, ndipo mawu oti kampani ndiyo idzasankhe woweruza akupatsani poyambira pa chifukwa chachiwiri. Kalatayo muisunge bwino, ndi umboni wanu. Abwana akadzadzutsa nkhaniyi pamaso pa komishonala, inu mudzangotulutsa payslip ndi ndime ya kontirakitiyo n'kutchula gawo 147, ndime 6A.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira kuti mlandu ukhale ku CCMA si ndalama zokha. Chigamulo cha arbitrator wapadera n'chovuta kwambiri kuchigwetsa. Khoti limalowererapo pokhapokha ngati woweruzayo anachita zachinyengo kapena zosayenera, anaphwanya kwambiri ndondomeko, kapena anapyola mphamvu zake. Akangolakwitsa pa kumvetsa umboni kapena lamulo, mwadya zomwezo. Khoti lalikulu la malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza zimenezi mu 2009 pa mlandu wa Lufuno Mphaphuli. Pomwe chigamulo cha komishonala wa CCMA chitha kukaunikidwanso ku Labour Court mkati mwa masabata 6, ndipo muyeso wake, kuchokera pa mlandu wa Sidumo wa 2007, ndi wakuti kodi munthu woganiza bwino akanatha kufika pa chigamulo chimenechi. Komanso ku CCMA, inu mukangoonetsa kuti munachotsedwa ntchito, mtolo wotsimikiza kuti kuchotsedwako kunali kwachilungamo umagwera abwana. Adzayenera kubweretsa mapepala a stock, kuonetsa kuti katundu anasowadi, kuti anasowa pa shifiti yanu, kuti makiyi a sitolo munali nawo nokha, komanso kufotokoza chifukwa chomwe sanakupatseni mpata woyankhapo. Akalephera, komishonala atha kulamula kuti mubwerere pantchito kapena mulandire chipukuta misozi chofika mpaka malipiro a miyezi 12.

Ndime yachiwiri, yoletsa kugwira ntchito kwa opikisana nawo, ndi nyama ina. Kuno amaitchula kuti restraint of trade, ndipo sindikunamizani kuti ndi pepala lachabe, chifukwa malamulo a South Africa pa nkhaniyi amayambira kumbali ya abwana. Kale makhoti a kuno ankatsatira maganizo a ku England oti pangano lotere ndi lokayikitsa mpaka wolemba ntchito ataonetsa kuti n'loyenera. Mu 1984, pa mlandu wa Magna Alloys, khoti la apilo linatembenuza zimenezi. Kuyambira pamenepo pangano lomwe munasaina limatengedwa kuti n'lomanga, ndipo ndi inuyo amene muyenera kuonetsa kuti kulitsata n'kosayenera komanso kotsutsana ndi zokomera anthu onse. Abwana amangofunika kuonetsa zinthu ziwiri, kuti munasaina ndiponso kuti mwaliphwanya kapena mukufuna kuliphwanya. Kunena kuti sindinawerenge, kapena kuti Chingerezi chake chinali chovuta, sikuthandiza kwenikweni.

Palinso zinthu ziwiri zowawa zomwe ndi bwino muzimve kwa ine kusiyana n'kukazimvera kukhoti. Choyamba, anthu ambiri amaganiza kuti abwana akakuchotsa mopanda chilungamo ndiye kuti pangano lonse lafa. Mu 1996, pa mlandu wa Reeves ndi Marfield Insurance Brokers, khoti la apilo linati ayi: ngati pangano likunena kuti chiletsocho chidzagwira ntchito munthu akachoka pa chifukwa china chilichonse, chimagwirabe ngakhale anachotsedwa molakwika, kupatula ngati abwana anamuchotsa mwachinyengo n'cholinga choti amutsekere njira. Chachiwiri chikukhudza ife obwera. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko lino, lomwe limapereka ufulu wosankha ntchito kapena malonda, limanena za nzika zokha. Gawo 23, la ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito, ndi lomwe limati aliyense. Ndiye loya wanu asadzamange mlandu wonse pa gawo 22. Mwayi wake ngwakuti muyeso woona ngati chiletso n'choyenera unachokera m'zigamulo za makhoti, ndipo sufunsa pasipoti.

Muyesowo unayalidwa mu 1993 pa mlandu wa Basson ndi Chilwan, ndipo woweruza aliyense amene angamve nkhani yanu adzayenda m'mafunso ake. Kodi abwana ali ndi chinthu chawochawo choyenera kutetezedwa munthu atachoka? Kodi wantchitoyo akuchiika pachiswe? Nanga tikaika pasikelo chinthucho ndi ufulu wa munthu wopeza chakudya ndi luso lake, cholemera n'chiti? Kodi pali zina zokomera anthu onse zoyenera kuganiziridwa? Pambuyo pake makhoti anawonjezera funso lachisanu, lomwe linamveka pa mlandu wa Kwik Kopy, womwenso unali wa franchise: kodi chiletsocho sichikupyola pomwe pakufunika?

Mlandu wanu wagona pa funso loyambalo. Lamulo sililola munthu kuletsa mnzake ntchito pongofuna kuchepetsa mpikisano kapena kumulanga chifukwa wachoka. Zinthu zotetezedwa zilipo za mitundu iwiri basi: zinsinsi za bizinesi, ndi ubale ndi makasitomala wozama kotero kuti wantchito akachoka makasitomalawo amamutsatira. Tiyeni tilowe m'khitchini yanu ija tione ngati zilimo.

M'ma franchise ambiri a nkhuku, sosi amabwera pagalimoto ali m'zigubu zomata, ufa wopaka nkhuku umabwera m'matumba osakaniza kale. Wokazinga amadziwa kuti zidutswa zingati zilowe m'basiketi, mafuta atenthe bwanji, belu likalira atulutse. Zonsezo zalembedwa papepala lomatidwa pakhoma pamwamba pa chokazingira, pomwe aliyense wolowa kudzakonza firiji amaliwerenga. Zomwe zili m'sosimo ngakhale abwana anu mwina sazidziwa, chifukwa chinsinsicho n'cha mwini dzina, ndipo amachisunga dala kuti wobwereka dzina asadzachoke nacho. Ndiye funso lofunsa loyayo n'lakuti, chinsinsi chomwe mukuti ndanyamula n'chiti, ndipo n'cha yani? Ngati n'cha mwini dzina, iyeyo sanasaine nanu kontirakiti, pokhapokha ngati m'kontirakitimo muli ndime yomupatsa mphamvu yotero, choncho werengani bwino. Zomwe munaphunzira monga woyang'anira shifiti, kuwerenga stock, kutseka till madzulo, kukonza ndandanda ya antchito, kuziziritsa kasitomala wolusa, ndi luso lanu. Khoti la apilo linanena momveka pa mlandu wa Automotive Tooling Systems ndi Wilkens kuti luso ndi nzeru zomwe munthu wapeza pogwira ntchito n'zake, zimapita naye, ngakhale abwana atawononga ndalama pomuphunzitsa.

Za makasitomala nazonso n'zofooka. Munthu amene akufuna nkhuku nthawi ya nkhomaliro amatsata dzina, mtengo ndi kufupika kwa malo. Sadziwa n'komwe amene ali kuseri kwa khoma. N'zosiyana ndi wometa tsitsi kapena wogulitsa inshuwalansi, amene anthu amamutsatira kulikonse komwe wapita.

Koma pano dzifunseni moona mtima, chifukwa loya wa mbali inayo adzakufunsani. Kodi panali maofesi, masukulu kapena matchalitchi omwe ankaitanitsa chakudya chambiri kudzera pa nambala yanu ya foni? Kodi munkaona mitengo yomwe abwana amagulira katundu, phindu pa mbale iliyonse, kapena mapulani a zotsatsa zomwe sizinatuluke? Kodi muli ndi zithunzi za buku la kayendetsedwe ka franchise m'foni mwanu? Ngati yankho ndi inde pa chimodzi mwa izi, mlandu wawo wapeza mwendo woimira. Pa mlandu wa Reddy ndi Siemens mu 2006, katswiri wina anachoka ku Siemens kupita ku Ericsson, n'kulonjeza kuti sadzaulula chilichonse. Khoti la apilo linamuletsabe kwa miyezi 12 m'chigawo cha Gauteng, ponena kuti wolemba ntchito sayenera kudikira mpaka chinsinsi chitaululidwa kapena kungodalira lonjezo. N'zokwanira kuti munthuyo ali ndi chinsinsicho ndipo atha kuchigwiritsa ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti iye uja anali ndi zinsinsi zenizeni za makina a mafoni, ndipo ankatha kugwira ntchito kwina konse kunja kwa Gauteng kapena m'makampani ena osapikisana nawo.

Kukula kwa chiletso chanu ndiye kukuthandizani kwambiri. Tengani mapu a Gauteng, muike chizindikiro pa nthambi iliyonse ya dzinalo, mujambule bwalo la makilomita 20 pozungulira chilichonse. Ngati dzinalo ndi lalikulu, mabwalowo adzalumikizana n'kuphimba Johannesburg, Ekurhuleni ndi Pretoria yense, mwinanso mizinda yonse ikuluikulu ya dziko lino. Abwana anu ali ndi malo amodzi ku Kempton Park. Nthambi ya ku Soweto kapena ku Durban ndi ya munthu wina, ndipo iwo alibe chotaya kumeneko. Miyezi 24 nayo ndi yaitali kwa munthu amene chomwe angadziwe ndi mitengo yosintha miyezi ingapo iliyonse. Mapu amenewa mukawajambuladi n'kuwaphatika pa chikalata chanu cholumbira, amalankhula kuposa masamba khumi a mawu. Dziwani chabe kuti khoti lili ndi mphamvu yodula chiletso m'malo mochitaya chonse. Litha kunena kuti miyezi 24 ikhale 3, makilomita 20 akhale 5 kuchokera pamalo omwe munkagwira. Zikatero malo atsopano aja a makilomita 4 agwera mkati. N'chifukwa chake nkhondo yanu yeniyeni ili pa kuonetsa kuti palibe chotetezedwa n'komwe, za kutalika kwa nthawi ndi mtunda zibwere pambuyo.

Mwa kuona kwanga, pa zomwe mwalembazi, woweruza sangafulumire kukhazika pansi kwa zaka ziwiri munthu wa R9,500 amene luso lake lonse lili m'khitchini, ndipo ndikukayika ngati abwanawo angafikedi kukhoti. Kalata ya loya ndi yotchipa, mlandu wachangu ndi wodula, ndipo kalata si chiletso cha khoti. Palibe wapolisi angakumangeni chifukwa mwayamba ntchito kwina, nkhaniyi si yaupandu. CCMA nayonso ilibe mphamvu yogamula za restraint of trade. Kuti akuletseni ayenera kupita ku High Court kapena ku Labour Court ku Braamfontein kukapempha chiletso. Muonenso m'kontirakitimo: kawirikawiri ndime yomweyo yokutumizani inu kwa arbitrator wapadera imasiyira abwana khomo lothamangira kukhoti pa nkhani zachangu. Wolemba pepala amadzisiyira potulukira.

Akapitadi kukhoti mudzalandira mapepala otchedwa notice of motion, ndipo nthawi yoyankha imakhala masiku ochepa kwambiri. Tsiku lomwelo thamangani nawo kwa loya, ku Legal Aid South Africa, ku Wits Law Clinic kapena ku Casual Workers Advice Office ku Germiston. Milandu yotere imagamulidwa pa zikalata zolumbira, ndiye zomwe simunalembe woweruza sazidziwa. Mukangokhala chete chiletso chimatuluka inu kulibe, ndipo kuphwanya chiletso cha khoti ndiye kumene kungakulowetseni m'ndende.

Choopsa chomwe ndimachiona kawirikawiri si khoti ayi, ndi abwana atsopano kuchita mantha. Loya amatumiza kalata yomweyo kwa iwo, kuwaopseza kuti awaphatikiza pamlandu, ndipo iwo posafuna zovuta amangoti pepani, malo aja tapatsa wina. Ndiye musawabisire. Apatseni kope ya ndimeyo musanayambe ntchito, muwafotokozere kuti simunabweretse kalikonse ka kumalo akale. Kwa loya uja yankhani mwa kalata yaifupi yaulemu, makamaka mothandizidwa ndi wodziwa malamulo: mukukana kuti pali chinsinsi kapena makasitomala omwe mwatenga, mukupempha kuti atchule chenicheni chomwe akuteteza, ndipo mukulonjeza kuti simudzaulula za bizinesi yawo kapena kukopa makasitomala awo. Mabuku, makiyi ndi yunifomu bwezani, asaine kuti alandira. Zithunzi za mapepala a kampani zomwe zili m'foni musangozifufuta mwakachetechete, poti zina, monga za stock, zitha kukuthandizani ku CCMA. Muonetseni kaye amene akukuthandizaniyo. Ndipo chonde, musalembe pa status kuti makasitomala anga nonse nditsatireni kumalo atsopano. Ndinaonapo mlandu wabwino ukugwa ndi chithunzi chimodzi cha status yotere.

Mwina mwaonapo pa Facebook kapena TikTok anthu akunena kuti mapangano oterewa anathetsedwa. Nkhani imeneyo ndi ya ku America, ndipo ngakhale kumeneko sinathe momwe amaifotokozera. Kumeneko mkangano unakula zitadziwika kuti kampani ya masangweji ya Jimmy John's inkasainitsa antchito wamba mapangano owaletsa kwa zaka ziwiri kugwira ntchito pamalo ena ogulitsa masangweji oyandikana ndi nthambi zake, ndipo mu 2016 inavomera kusiya itapanikizidwa ndi akuluakulu a zamalamulo a ku New York ndi Illinois. Mu Epulo 2024 bungwe la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo loletsa pafupifupi mapangano onse otere kwa antchito, koma mu Ogasiti chaka chomwecho khoti la ku Texas linaligwetsa lisanayambe kugwira ntchito. Pa nkhani ya arbitration ndiye wantchito wa ku America ali pamavuto kuposa inu: mu 2018, pa mlandu wa Epic Systems, khoti lawo lalikulu linavomereza kuti wolemba ntchito atha kukakamiza antchito kupita kwa arbitrator aliyense payekha, osasuma ngati gulu. Zonsezi sizikhudza kontirakiti yosainidwa ku Kempton Park.

Chimodzi chokha cha ku America chomwe n'chofunika kuchidziwa ndi mapangano omwe wantchito sawaona, a pakati pa mwini dzina ndi obwereka dzina, oti nthambi ina isalembe munthu wochokera ku nthambi inzake. McDonald's inasumiridwapo pa nkhani imeneyi, ndipo kuyambira 2018 boma la Washington State linakakamiza makampani ambiri a franchise kuchotsa ndime zotere. Mukadzafunsira ntchito pa nthambi ina ya dzina lomwelo n'kuuzidwa kuti sitiloledwa kulemba anthu a kwa anzathu, imeneyo ndi nkhani yoyenera kukaitula ku Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, chifukwa inu simunasaine pangano limenelo.

Mwanena kuti mapepala anu ali bwino, koma ndikudziwa kuti ena owerenga pano awo anatha kapena alibe. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, wokhudza munthu wa ku Argentina amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha, Labour Court inagamula kuti munthu wotere ndi wantchito ndithu pamaso pa Labour Relations Act ndipo CCMA iyenera kumva mlandu wake. Kubwezeretsedwa pantchito n'kovuta chifukwa lamulo la zolowa ndi kutuluka limaletsa kulemba munthu wopanda chilolezo, koma chipukuta misozi ndi malipiro otsalira atha kuzipeza.

Tibwerere ku fomu ija, chifukwa ili ndi ntchito ina yomwe ambiri saiona. Gawo loyamba ku CCMA ndi kuyanjanitsa. Mudzakhala m'kachipinda ndi komishonala ndi abwana kapena woimira kampani, maloya saloledwa pa gawo limeneli, ndipo mutha kupempha womasulira podzaza fomu ngati mukufuna kulankhula Chichewa. Abwana adzalowa akudziwa kuti anakuchotsani popanda kukumvani, zomwe n'zovuta kuziteteza. Inu mudzalowa mukudziwa kuti chomwe mukufunitsitsa ndi kuyamba ntchito yatsopano mwamtendere. Apa pali malonda. Ngakhale komishonala sangagamule za chiletsocho, palibe choletsa inu awiri kugwirizana za icho n'kuchilemba m'pangano lothetsa mlandu. Mutha kulandira ndalama zocheperapo pang'ono posinthana ndi kumasulidwa, ndipo kwa munthu amene ntchito ikumudikira, kumasulidwako kutha kuposa malipiro a miyezi iwiri kapena itatu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma samalani ndi kalembedwe. Fomu ya pangano imakhala ndi mawu oti full and final settlement, ndipo anthu amaganiza kuti mawuwa afafaniza zonse. Abwana atha kudzanena mawa kuti zomwe tinathetsa ndi za kuchotsedwa ntchito basi, chiletso chikadalipo. Uzani komishonala alembe ndi dzanja pamzere wa zina zogwirizana kuti wolemba ntchito akusiya ufulu wake wonse pa ndime ya restraint of trade, atchule nambala ya ndimeyo ndi tsiku la kontirakiti, ndiponso kuti sadzalembera kapena kuimbira aliyense amene angakulembeni ntchito. Pamzere womwewo alembenso za satifiketi ya ntchito, fomu ya UI-19 yokatengera ndalama za UIF, malipiro a masiku a tchuthi omwe simunapume, ndi tsiku lenileni lomwe ndalamazo zidzalowe mu akaunti yanu. Ngati anakudulani ndalama za katundu wosowayo popanda inu kuvomera molemba ndi kupatsidwa mpata woyankhapo, gawo 34 la Basic Conditions of Employment Act sililola zimenezo, ndiye nazonso zilowe m'chiwerengero. Musasaine musanawerenge mzere uliwonse, ndipo mutuluke m'chipindamo kope yanu ili m'manja.

Mukakanika kugwirizana, komishonala adzapereka satifiketi yoti mlandu sunathe, ndipo muli ndi masiku 90 odzaza fomu ya LRA 7.13 yopempha kuti uweruzidwe. Nthawi zambiri CCMA imaika magawo awiriwa tsiku limodzi, zomwe amati con-arb, choncho onani bwino kalata yokuitanani. Ngati yalembedwa choncho, pitani ndi zonse tsiku loyamba lomwelo: kontirakiti, ma payslip a miyezi ingapo, kalata yokuchotsani ntchito, kalata ya loya ija, mauthenga a pafoni a pakati pa inu ndi abwana, ndi mnzanu wa pa shifiti amene angachitire umboni za anthu ena omwe ankasunga makiyi a sitolo.